Kalata yotseguka kwa Abusa ndi Komiti ya Chitukuko: holo yatsopano isafulatire anthu a m'dera

Kwa Abusa athu, Akulu a Mpingo, ndi a Komiti ya Chitukuko,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa cha ntchito imene mumatigwirira. Ndikudziwa kuti a komiti simulandira malipiro, kuti misonkhano yanu imatha kunja kutada, ndipo ena mumafika kumisonkhanoko kuchokera kuntchito musanalawe kanthu. Zimenezi timaziona ndipo sitizipeputsa.

Ine ndine mkhristu wa mpingo uno, ndipo nyumba yanga ili kumunsi kwa malo a tchalitchi, kuno kutsinde kwa phiri la Soche. Ndalemba poyera chifukwa nkhani ya holo si ya ife tokha amene mayina athu ali m'kaundula wa mpingo. Ikukhudza amayi otunga madzi, ana a mkombaphala, achinyamata, agogo, ndi anansi athu amene safika pa zolengeza za Lamulungu, choncho sanamve kalikonse. Dzina la mpingo sinditchula, pakuti cholinga changa si kuchititsa manyazi nyumba imene ndimapempheramo. Eni nkhani mukudzidziwa, ndipo akhristu a mipingo ina mumzinda muno akawerenga apeza kuti kwawonso nkhani ndi yomweyi.

Pulani imene mwaimata pabolodi ndaiyang'ana mofatsa. Holo yakale igwetsedwa. M'malo mwake pabwera ina yaikulu, ya matailosi, magalasi ndi siteji, yoti izibwerekedwa pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mabungwe. Malo onse azunguliridwa ndi mpanda wautali wa njerwa, waya waminga pamwamba, geti limodzi ndi mlonda. Bwalo limene atsikana amasewerapo mpira wamanja liwakidwa simenti kuti pakhale poimika galimoto. Kachipinda ka mkombaphala kakhala kosungiramo mipando ndi zokongoletsera. Mpopi ulowa m'kati mwa mpanda. Kuti holo yakaleyo yatha, sindikutsutsa: denga likudontha, khoma la kumadzulo lang'aluka, ndipo mwezi wa Okutobala mumatentha koti munthu sangakhalemo ola lathunthu. Kumanga tiyenera kumanga. Dandaulo langa ndi lakuti pulaniyi yajambulidwa poganizira mlendo wobwera pagalimoto Loweruka, ndipo yaiwala munthu wodutsa wapansi Lolemba mpaka Lachisanu.

Ndiyambe ndi madzi, chifukwa ndiwo akuwawa kwambiri. Mukudziwa mmene mipopi imaumira kuno. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amakwera chitunda chonsecho ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi akavuta, ife a kumtunda ndife oyamba kugona ndi ludzu. Masiku otere, thanki ya patchalitchi ndiyo imapulumutsa mabanja ambiri. Pitani pampopipo mbandakucha mukaone: zigubu zachikasu zili pamzere kufika kumsewu, pakati pake pali miyala yoikidwa kusungira malo eni ake amene abwerera kukadzutsa ana, mayi wina mwana kumbuyo akutsuka ndowa ndi mchenga, wina akuwerenga ndalama zachitsulo m'manja kuti aone ngati zikwanira zigubu ziwiri. Ambiri mwa amayiwa si a mpingo wathu. Ena ndi Asilamu, ena a mipingo ina, ena sapemphera kulikonse. Mpopi ukalowa kuseri kwa geti la mlonda, amayiwa atsikira kukhwawa, ndipo madzi a kukhwawa tonse tikuwadziwa.

Sitinaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Alangizi a zaumoyo ankagawira kolorini pampopi womwewu, chifukwa ndi pamene ankapeza amayi ali pamodzi. Abusa, inu nomwe munayendetsa miyambo ya maliro nthawi imene ija. Kodi pulani imene ikuchotsa madzi abwino m'manja mwa anthu tingaitche chitukuko?

Chachiwiri ndi mpanda. Ndikumvetsa chifukwa chake. Akuba anatibera zokuzira mawu, anadulapo mawaya a magetsi, ndipo palibe amene akufuna kuti zimenezo zichitikenso. Koma tikumbukire kuti usiku umene akuba anabweranso kudzathyola chitseko cha ofesi, amene anakuwa n'kuwathamangitsa anali anansi a m'nyumba zoyang'anizana ndi tchalitchi. Anaona chifukwa panalibe chowatchinga, ndipo anadzuka chifukwa malowa amawatenga ngati awo. Khoma lalitali limabisa wakuba akangolowa m'kati, ndipo mnansi amene mwamutsekera kunja sadzadzukanso usiku kuti ateteze katundu amene saloledwa ngakhale kumuona. Zipangizo zodula zimatetezeka ndi chipinda chimodzi cholimba, cha chitseko chachitsulo ndi loko wabwino. Sizifuna kuti bwalo lonse litsekedwe.

Palinso kanjira kodutsa pambali pa holo, kamene ana a sukulu ndi amayi opita kumsika akhala akudutsa kuyambira kale. Pa pulani kanjirako palibe. Agogo amene ankafika kumsika mosavuta azizungulira mtunda wautali, kudutsa kumene kumaterera mvula ikagwa.

Chachitatu, ndipo pano ndichedwapo, ndi zimene tinaona mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa masiku otsatizana osaleka, ndipo napolo anatsika m'phiri la Soche ndi matope, miyala ndi mitengo, n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Anthu mazanamazana anafa m'chigawo chakummwera, ena mpaka lero matupi awo sanapezeke. Usiku umene uja anthu sanafunse kuti holo ndi ya mpingo uti. Anathawira kumene kunali khoma lolimba ndi khomo lotsegula. Holo yathu yakaleyo, yodonthayo, inadzaza. Ndikukumbuka bambo wina wachikulire atakhala pabenchi, matope mpaka m'mawondo, atagwira wailesi yonyowa imene inali chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho m'nyumba, osayankhula ndi aliyense. Amayi anayala zitenje pansi pa simenti n'kugoneka ana mothithikana. Kutacha, amayi a mumpingo anaika mafuwa kuseri n'kuyamba kuphika phala, nkhuni zili zonyowa, utsi uli m'maso. Pa zaka zonse zimene ndakhala mumpingo uno, sindinaonepo nyumbayi ikugwira ntchito ya Mulungu moonekera ngati masiku amenewo.

Komanso tinaona zimene zinasowa. Zimbudzi zinali zochepa ndipo zinadzaza msanga. Panalibe posambira. Amuna, akazi ndi ana anagona m'chipinda chimodzi popanda chotchinga, ndipo atsikana ankaopa kutuluka usiku chifukwa kunja kunali mdima. Panalibe posungira ufa ndi mabulangete amene akufuna kwabwino ankabweretsa. Anthu ambiri anakathera m'sukulu zimene zinasanduka misasa, ana n'kukhala osaphunzira. Ine ndinkayembekeza kuti tikamadzajambula holo yatsopano, tidzayambira pamenepa: kufunsa kuti mvula yotere ikadzabweranso, nyumba yathu idzalandira bwanji anthu. Ndayang'ana pa pulani. Ndapeza chipinda chovalira mkwatibwi. Posambira anthu othawa ngozi, nkhokwe ya katundu wachithandizo, ngakhale khomo lachiwiri lotulukira, sindinazipeze. Ndipo geti lokhomedwa usiku, mlonda atathawira mvula kwina, likanatanthauza chiyani kwa anthu aja?

Phiri lilipobe pomwe lija, mitengo yake inatha, ndipo anthu akukhalabe m'mbali mwake chifukwa kwina kulibe malo. Freddy asanabwere kunali Ana mu Januwale 2022, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya mumdima wa miyezi yambiri. Chaka cha 2019 kunali Idai. Anamondwe akubwera pafupipafupi, ndipo holo imene timanga lero idzaima zaka makumi angapo.

Nkhani ya mvulayi ili ndi mbali ina imene ikutikhudza ife a kumunsi. Pakali pano bwalo la tchalitchi ndi dothi ndi kapinga, pali mitengo ya mango ndi ina yamthunzi, ndipo madzi ambiri amalowa pansi. Mukadula mitengoyo, n'kuwaka simenti bwalo lonse, n'kuonjezera denga lalikulu, madzi onsewo adzafuna kolowera. Pa pulani ndaona mabowo m'munsi mwa mpanda otulutsira madzi, koma ngalande yowalandira sindinaione. Kuseri kwa mabowowo kuli nyumba za anthu, zambiri za zidina. Sindikuganiza kuti alipo wa komiti amene akufuna kugwetsa nyumba ya mnansi. Ndikuganiza kuti wojambula pulaniyo sanatsikeko kumunsi kuno, ndipo palibe anamuperekeza.

Chachinayi ndi ana ndi achinyamata. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko muno ndi osakwana zaka 18. Kwathu kuno simufunika kalembera kuti muone zimenezo, ingoimani pamsewu nthawi yoweruka kusukulu. Kachipinda ka mkombaphala kamene mukufuna kusungiramo mipando ndi kamene kamalola mayi wogulitsa tomato kupita kukapikula m'mawa mtima uli m'malo. Alezi ake ndi ongodzipereka. Ana amaphunziramo kugwira pensulo, kuyimba, kusamba m'manja, ndipo ena phala la pamenepo ndilo chakudya chawo choyamba cha tsiku. Mwanena kuti mkombaphala "udzaonedwa mtsogolo". Mwana wa zaka zinayi alibe mtsogolo modikira, chaka chamawa akuyenera kukhala atakonzekera Sitandade 1.

Za bwalo la mpira wamanja ndinene mwachidule. Dziko lino limanyadira timu ya Queens, koma atsikana amene amasewera mpirawu amayambira pa mabwalo afumbi ngati lathuli. M'dera lathu malo opanda nyumba anatha. Mukalitenga bwaloli, palibe lina.

Anyamata nawo tikuwadandaula Lamulungu lililonse paguwa: akumwa, akusuta, akutha ndalama pobetcha mpira, akungokhala pamagulu m'mphepete mwa msewu. Zoona. Koma ndifunse mwaulemu, akhale kuti? Wophunzira wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE, kwawo nyumba ya zipinda ziwiri, anthu asanu ndi awiri, magetsi palibe kapena athima, awerengere kuti? Ndikudziwa ana amene amawerengera pakhonde la sitolo chifukwa pali babu loyaka usiku wonse. Chipinda chimodzi chokhala ndi matebulo, mabuku ochepa ndi magetsi a sola chingasinthe zotsatira za mayeso za ana ambiri m'dera lino, ndipo mtengo wake sungafike pa mtengo wa magalasi a kumaso kwa holo amene ali pa pulani.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo m'mbiri ya mipingo ya dziko lino. Mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, sinali tchalitchi chokha: panali sukulu, chipatala, ukalipentala ndi makina osindikizira mabuku. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene alendo amabwera kudzachiona mpaka lero, chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu a konkuno, njerwa zoumbidwa pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, John Chilembwe atayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900 anatsegula sukulu, ndipo amayi ankaphunzira kusoka. Ku Livingstonia, ku Nkhoma, ku Mua, ku Malamulo, ku Likoma, nkhani ndi yomweyo. Anthu ankafika pamishoni tsiku lililonse la sabata chifukwa panali chowathandiza, ndipo ambiri anamva uthenga atabwera kudzafuna mankhwala kapena maphunziro. Makolo athu m'chikhulupiriro anali ndi zolakwa zawo, koma sanamange nyumba zoti zizikhala zokhoma masiku asanu pa sabata.

Chachisanu ndi masitepe. Pa chithunzi cha holo yatsopano pali masitepe aatali okongola kumaso. Tili ndi akhristu oyenda pa njinga za aulumali, oyendera ndodo, osaona, ndi agogo a mawondo otupa. Panopa timawanyamula polowa m'tchalitchi, ndipo amene ananyamulidwapo anthu akuyang'ana akuuzani mmene zimapwetekera mumtima. Mayi wina anandiuza kuti masiku a misonkhano yaitali samwa madzi m'mawa, chifukwa khomo la chimbudzi chathu njinga yake silowa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu aulumali kuyambira 2012, ndipo mu 2024 kunabwera lina latsopano, koma mpingo sukuyenera kudikira lamulo kuti uchite zimenezi. Malo otsetsereka olowera, makomo otambalala ndi chimbudzi chimodzi chachikulu chokhala ndi zogwirira n'zotchipa zikalowa m'pulani pachiyambi. Zimadula zikabwera pambuyo, pofunika kuswa zomangidwa kale.

Tsopano ndifike pa ndalama, chifukwa ndikudziwa kuti yankho lanu lagona pamenepa. Mwati mpingo ukufunika gwero la ndalama lokhazikika, kuti tisamangodalira mbale ya Lamulungu. Ndikuvomereza. Zinthu zadula, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mabilu a madzi ndi magetsi sadikira. Sindikunena kuti holo isamabwerekedwe. Maukwati achitike, zinkhoswe zichitike, alipire. Koma maukwati ndi a Loweruka, ena Lamulungu masana, ndipo nyengo yake yeniyeni ndi chilimwe. Maholo a maukwati mumzinda muno achuluka, ena ali m'misewu yabwino kuposa wathu wokumbikawu. Kodi n'kwanzeru kumanga nyumba yonse mongoyang'ana tsiku limodzi pa sabata, n'kuchotsa zonse zimene zimachitika masiku enawo? Holo ya zitseko zopinda zogawa zipinda itha kukhala ya ukwati Loweruka, Lolemba m'mawa n'kukhala ya mkombaphala, masana ya banki m'khonde, madzulo ya sukulu ya kwacha, tsiku lina ya sikelo ya ana. Magulu enawa akhoza kuperekako kangachepe ka madzi ndi ukhondo. Ndalama ya Loweruka ilipirire kutsegula kwa masiku ena. Pamenepo ndiye kuti malonda akutumikira utumiki.

Ndipo tisaiwale kumene ndalama zomangira zikuchokera. Zikuchokera pa pepa sande, pa makadi amene tagawana m'milaga, kwa mayi wogulitsa mandasi amene amapatula kenakake sabata iliyonse, kwa mnyamata wa kabaza, kwa agogo amene amapereka kuchokera pa zimene ana awo awatumizira. Holo yakale inamangidwa chimodzimodzi, ndipo okalamba akukumbukira kuti potuta mchenga ndi kutunga madzi anansi osapemphera nafe anathandiza nawo. Mitengo yobwerekera imene ikunong'onedwa, ngati ili yoona, ikutanthauza kuti mayi wa mandasi uja sadzakwanitsa kuchitira chinkhoswe cha mwana wake m'nyumba imene wamanga nawo. Kalata ya Yakobo, mutu wachiwiri, imachenjeza za kupereka malo abwino kwa wovala mphete yagolide n'kuuza wosauka kuti aime uko. Nthawi zambiri timaganiza kuti chenjezoli ndi la olandira alendo pakhomo. Ine ndikuona kuti pulani ya nyumba nayo imatha kusankha anthu chimodzimodzi, ndipo kusankha kwake kumakhalitsa kuposa kwa munthu.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mmene chiganizochi chafikira. Tinauzidwa kuti "komiti yagwirizana", kenako tinapatsidwa makadi. Sipanakhale msonkhano wa mpingo wonse wokambirana zimene holoyi izichita. Amayi, amene ndi ochuluka mumpingo ndipo ndiwo amasesa, kuphika ndi kulandira anthu m'holomo, sanafunsidwe kuti khitchini ikhale pati. Achinyamata anaitanidwa pokhapokha pofunika kukumba. Amfumu, akuluakulu a m'mabuloko, khansala, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi a sukulu yoyandikana nafe, onsewa angoona mulu wa mchenga pamsewu. Pamaliro timakhala pamodzi ndi anthu onsewa, timabwerekana mabenchi ndi miphika, adzukulu safunsana chipembedzo pokumba manda. Nanga n'chifukwa chiyani pa nkhani ya nyumba imene iima pakati pa mudzi wawo tikuwaona ngati kulibe?

Ndinene chinthu chimodzi chimene mwina ena sachikonda. Holo ikatsegulidwa kwa anthu a m'dera, tisaike chikakamizo choti wolowa ayambe wakhala nawo pa mapemphero athu. Mayi wachisilamu wobwera kusikelo abwere ngati mnansi, alandiridwe ngati mnansi, abwerere kwawo ulemu wake uli wonse. Mnyamata wobwera kudzawerenga asayambe wafunsidwa kuti amapemphera kuti. Tchalitchi chili pomwepo, khomo lake n'lotsegula, ndipo wofuna kudziwa chimene chikutichititsa zimenezi adzafunsa yekha. Anthu amazindikira msanga ngati chithandizo chili ndi mbedza, ndipo akazindikira sabweranso.

Simenti sinathiridwe, maziko sanayalidwe, nthawi yokonza ikadalipo. Madzi akatayika saoleka. Choncho, modzichepetsa, ndikupempha izi:

1. Ntchito yogwetsa holo yakale ndi yomanga mpanda iyambe yaima kufikira pulani itakambidwa ndi mpingo wonse.

2. Muitanitse misonkhano iwiri. Woyamba wa akhristu onse, amayi ndi achinyamata apatsidwe mpata wolankhula paokha asanalankhule pagulu. Wachiwiri wa anthu a m'dera, uchitikire pabwalo, tsiku ndi nthawi yoti ogulitsa kumsika akhoza kufika. Aitanidwe amfumu, khansala, atsogoleri a mipingo ina ndi a kumzikiti, alezi a mkombaphala, magulu a banki m'khonde ndi anthu aulumali. Wojambula pulani akhalepo, amve yekha, ndipo ayende wapansi kuzungulira malowa mpaka kunyumba za kumunsi.

3. Mpopi ukhale kunja kwa mpanda uliwonse umene ungamangidwe, pakhale pokhala ndi mthunzi, ndipo thanki ionjezeredwe ndi ina yokolola madzi a padenga ochapira ndi a kuchimbudzi. Kayendetsedwe ka pampopi kakhale m'manja mwa kakomiti ka amayi a mumpingo ndi a m'dera pamodzi.

4. Mpanda ukhale waufupi kapena woonekera m'kati, opanda waya waminga, ndipo pakhale kageti ka oyenda pansi kotsegula masana onse. Kanjira kopita kumsika kasatsekedwe. Kumbali yoyang'ana msewu kukhale khonde lalitali la mabenchi, loti munthu akhoza kuusapo mvula kapena kupumulapo osapempha chilolezo.

5. Holo ijambulidwenso kuti izigawika zipinda, ndipo mkombaphala ndi chipinda chowerengera cha magetsi a sola zikhale ndi malo akeake olembedwa pa pulani, osati olonjezedwa pakamwa. Bwalo la mpira wamanja likhale. Galimoto za Loweruka zikhoza kuima pabwalo lomwelo tsiku limodzilo, popanda kulilanda kwa atsikana sabata yonse. Ngati malo alola, pakhale kashedi kophunziriramo ntchito zamanja, ndipo mufunse upangiri ku TEVETA pa za mmene maphunziro otere amayendera. Amisiri tili nawo mumpingo momwemu: osoka, akalipentala, owotcherera zitsulo.

6. Nyumbayi ikonzedwe kuti izitha kulandira anthu pa ngozi: makomo otulukira oposa limodzi, zimbudzi ndi mabafa okwanira a amuna ndi akazi padera, magetsi owala panjira yopita kumeneko, khitchini ya mbaula zosatha nkhuni, ndi nkhokwe yaing'ono. A nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi a Red Cross ali ndi luso pa zimenezi, afunseni. Makiyi a nthawi yangozi asakhale ndi munthu mmodzi.

7. Pakhale polowera potsetsereka pakhomo lenileni la kumaso, osati kuseri, ndi chimbudzi choti njinga ilowe n'kutembenuka.

8. Mitengo isadulidwe kupatula imene ili pamaziko penipeni, ndipo ngalande yotenga madzi mpaka kukhwawa imangidwe denga lisanakwere. Pulani yokonzedwayo ikadutse ku khonsolo ya mzinda monga lamulo linenera, ndipo ife a kumunsi tiione isanapite.

9. Ndalama zimene zasonkhedwa ndi mmene zagwirira ntchito zizimatidwa pabolodi miyezi itatu iliyonse. Mitengo yobwerekera holo ilembedwe poyera, pakhale mtengo wotsika wa anthu a m'dera, ndipo misonkhano ya zaumoyo, ya maliro ndi ya chitukuko cha mudzi ikhale yaulere.

Ndikudziwa kuti zina mwa izi zichedwetsa ntchito, ndipo ena mwalonjeza kale kuti holo itsegulidwa pofika nyengo ya maukwati. Ndikudziwanso kuti wojambula pulani angafune malipiro ena pokonzanso. Ndalama imeneyo tisonkha. Ndalankhula ndi anansi angapo, a mumpingo ndi akunja, ndipo onse akuti ngati mpopi, mkombaphala ndi bwalo zikhala, iwo ali okonzeka kututa mchenga, kutunga madzi ndi kulondera simenti usiku monga anachitira makolo awo pa holo yoyamba. Anyamata a kabaza ati adzathandiza kunyamula zipangizo zing'onozing'ono kuchokera kumsewu waukulu.

Ndikupempha kuti kalatayi iwerengedwe pa msonkhano wa akulu a mpingo ukubwerawu, ndipo yankho lake lilengezedwe m'tchalitchi komanso limatidwe kunja, pampopi, pamene anthu a m'dera akhoza kuliwerenga. Ine ndipitiriza kupereka pa khadi langa monga mwa nthawi zonse, ndipo tsiku la msonkhano umene ndapemphawu ndidzabwera ndi anansi anga a kumunsi kuti mudzawamve okha.

Ambuye akutsogolereni pa chiganizo chimenechi.

Ine wanu mwa Ambuye,
Mkhristu mnzanu komanso mnansi wa tchalitchi